Amene Sadaumbidwe

Chidole changa choyamba cha pulasitiki ndidachitola pa mulu wa kaunjika, pakati pa malamba ndi nsapato za ana. Chidali cha He-Man, choduka mkono umodzi ndiponso chopanda lupanga. Mwamunayu ndinkamudziwa kale, pakuti aneba athu adali ndi vidiyo ndi matepi atatu a makatuni omwe tidawaonera mpaka zithunzi zidayamba kunjenjemera. Wailesi yakanema ya dziko lathu idadzatsegulidwa mu 1999, choncho matepi atatuwo adali chuma. Mlongo wanga ataona chidolecho adati, "Achimwene, mukandipezereko amayi ake." Ankanena Mfumukazi Marlena. Ndidafukula milu ya pamsika kwa miyezi ingapo osawapeza, ndipo ndidangoti mwina azungu sataya zidole za amayi. Ndidadzazindikira nditamera ndevu kuti ndinkafunafuna chinthu chomwe chidali chisadapangidwe n'komwe.

Nkhaniyi idayambira ku America, ndipo gwero lake ndi malamulo. Kalelo, bungwe la boma loyang'anira mawailesi la Federal Communications Commission silinkalola kuti pulogalamu ya ana ikhale yongotsatsa malonda. Mu 1969 katuni ya tigalimoto ta Hot Wheels idadzudzulidwa pa mlandu womwewu. Zinthu zidatembenuka Ronald Reagan atalowa m'boma mu 1981 n'kuika Mark Fowler pampando wa bungwelo. Fowler ankakhulupirira kuti msika udziweruze wokha, ndipo pofika 1984 malamulo ambiri aja adali atamasulidwa. Apa makampani a zidole adapeza pothyolera. Mattel idatulutsa zidole za He-Man mu 1982, katuni yake n'kutsatira mu 1983. Hasbro idatenga maloboti osandulika omwe kampani ya Takara inkagulitsa kale ku Japan, idapempha alembi a ku Marvel kuti awapatse mayina ndi mbiri, mu 1984 n'kuwatcha Transformers. Chidole ndicho chinkayamba kubadwa, nthano inkabwera pambuyo kudzachiperekeza kumsika.

Koma mlembi aliyense akudziwa kuti nthano siyenda ndi ankhondo okhaokha. Ngwazi imafunika kwawo, imafunika woibereka, woilangiza ndi woidikirira ikapita kunkhondo. Alembi a ku Filmation, omwe adakonza zigawo 130 za He-Man, ankadzaza mipata imeneyi ndi anthu awoawo. Ena mwa iwo udawagwera mwayi. Orko, kamfiti kouluka kaja, adabadwira m'katuni, ana atamukonda adalandira chidole chake mu 1984. Mfumu Randor, bambo ake a He-Man, adapangidwa mu 1987 malonda atayamba kale kulowa pansi. Mkazi wawo adatsala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mwa anthu onse a m'nyumba yachifumu ija, Marlena ndiye adali ndi mbiri yokoma. Sadali mbadwa ya ku Eternia. Adali woyendetsa chombo cha m'mlengalenga wochokera pa dziko lathu lino, chombo chake chidagwa kumeneko, adakwatiwa n'kukhazikika ngati mtengwa kudziko la eni. Pamene mfumu inkaona mwana wake Adam ngati mlesi wamantha, alembi ankatitsina khutu kuti mayiyo akudziwa chinsinsi chonse, kuti Adam yemweyo ndiye He-Man, koma adangosunga pakamwa. Mlongo wanga adaona zimenezi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akuluakulu a malonda ankaona mayi wovala mkanjo, wopanda lupanga, amene mnyamata sangamulirire m'sitolo.

Za Arcee ndiye zimaposa. Mu 1986 mudatuluka kanema wamkulu wa Transformers, yemwe ntchito yake yeniyeni idali kusesa zidole zakale kuti zatsopano zipeze malo. N'chifukwa chake Optimus Prime adaphedwa kanemayo asadafike ndi pakati pomwe, ana ambiri n'kutuluka m'nyumba zoonetsera kanema akulira. Maloboti atsopano adalowa: Hot Rod, Kup, Springer, Blurr ndi Arcee, loboti yachikazi yomwe mawu ake ankayankhula Susan Blu. Anyamata anayiwo adafika m'masitolo chaka chomwecho. Arcee, yemwe adamenya nawo nkhondo kuyambira koyamba mpaka kumapeto ndipo adapitirira m'zigawo za pawailesi yakanema, adathera pa chitsanzo chomwe sichidagulitsidwe. Dzina lake lidapatsidwa kwa zidole zina m'zaka za pakatipa, koma chidole chosandulika chofanana ndi Arcee wa m'kanema uja chidatuluka mu 2014. Ana omwe adamuona ali ndi zaka 8 adali atakwanitsa 36.

Ndisaname, si akazi okha adasiyidwa. Unicron, chimphona chomeza maiko chomwe mawu ake adayankhula Orson Welles patangotsala masiku ochepa kuti amwalire mu 1985, nachonso sichidagulitsidwe. Kupanga loboti yosanduka dziko lathunthu kudali kovuta komanso kodula, moti chidole chake chidadikira mpaka 2003. Ku Star Wars nako, komwe kanema ndiye adayamba zidole n'kutsatira, kampani ya Kenner idaumba tizilombo tongooneka kamphindi m'nyumba yomweramo mowa, koma Grand Moff Tarkin, mkulu wankhondo yemwe adalamula kuphulitsa dziko la Alderaan, adapangidwa mu 1997, patapita zaka 20. Ndikuganiza kuti mlandu wake udali ukalamba ndi yunifomu yotuwa. Komabe ndikaika mayinawa pamzere, ndimaona kuti Unicron adakanika ku fakitale, pamene Marlena, Arcee ndi Shadow Weaver, mfiti ya m'katuni ya She-Ra yomwe idadikira mpaka 2012, adakanidwa pa tebulo la ogulitsa.

Odabwitsa ndi amene adadzawaombola. Sadali ana, koma ana akale aja, tsopano ali pantchito ndi ndalama m'thumba, akulembera makampani ndi kuvota pa intaneti kuti chakuti chipangidwe. Lamulo la Children's Television Act la 1990 lidachepetsa nthawi yotsatsa malonda m'mapulogalamu a ana, koma mbewu idali itamera kale. Mu 2019 Hasbro idapempha anthu 8,000 kuti alipiriretu madola oposa 570 aliyense kuti ipange Unicron wamkulu, ndipo adapezeka. Zidole zotere sizigwa m'fumbi. Zimakhala m'makatoni osatsegula pamwamba pa kabati.

Mfumukazi Marlena adapangidwa mu 2011, n'kuyamba kugulitsidwa pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego, ali ndi zovala ziwiri: mkanjo wachifumu ndi suti ya woyendetsa chombo. Ndidatumizira mlongo wanga chithunzi chake pafoni. Adandiyankha madzulo, ataweruka kuntchito, kuti ameneyo si Marlena. Wake adamuumba yekha ndi dongo la kudambo chaka chomwe ndidalephera kumupeza chija, adamuveka kansalu kobiriwira kotsala kwa atelala, chisoti chachifumu n'kupanga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Adali wamtali kuposa He-Man wanga wa mkono umodzi, ndipo adakhala pa windo la kuchipinda mpaka mvula yoyamba idalowera pagalasi losweka.