Mwini Wezulo Ndani? Woyimbira Rugby ndi Mbiri ya South Africa

Aliyense amene amatsatira rugby ya pakati pa mayiko amadziwa kuti mpira ukatha pamabuka mlandu wina, mlandu wa woyimbira. Pamene amuna 16 akukankhana pa sikiramu, kapena pamene osewera aunjikana polimbirana mpira, zolakwa zitatu zimatha kuchitika nthawi imodzi, ndipo woyimbira ndiye amasankha choti alange. N'chifukwa chake funso lakuti wezulo ali m'manja mwa yani ndi lakale ngati masewerowo. Yankho limene linapezeka ndi lakuti woyimbira azichokera ku dziko lachitatu, koma mbiri ya South Africa ikuonetsa kuti yankholi linathetsa mbali imodzi yokha ya vutoli.

Pachiyambi makaputeni a matimu awiri ndiwo ankagamula mikangano. Masewero oyamba a pakati pa mayiko anachitikira ku Edinburgh m'chaka cha 1871, pamene Scotland inakumana ndi England. M'chaka cha 1884 mayiko omwewa anakangana pa try imene England inagoletsa. Try ndi kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani. Scotland inakana chigamulocho ngakhale woyimbira anali wa ku Ireland, ndipo chaka chotsatira matimuwa sanasewere. Mkanganowu ndiwo unabala bungwe la International Rugby Football Board m'chaka cha 1886, limene England inalowamo mu 1890 ndipo lero limatchedwa World Rugby. Choncho bungwe losunga malamulo a rugby linabadwa chifukwa dziko lina linakana kumvera woyimbira wopanda mbali.

Mayiko a ku Britain ndi oyandikana, kotero kubwereka woyimbira kunali kosavuta. Ku South Africa ndi New Zealand zinali zina. Timu yoyendera inkabwera pa sitima ya pamadzi n'kukhala miyezi ingapo, ndipo mwambo unali wakuti eni mudzi ndiwo apereke woyimbira. Mwambowu unapitirira ngakhale ndege zitayamba kunyamula osewera. M'chaka cha 1976 timu ya New Zealand, ya All Blacks, inasewera kanayi ndi ya South Africa, ya Springboks, ndipo oyimbira onse anali a ku South Africa. Pa masewero achinayi ku Ellis Park mu Johannesburg, Bruce Robertson wa New Zealand anatchingidwa akuthamangira mpira pafupi ndi mzere. Lamulo limati ngati chinyengo chalepheretsa try imene ikanagoletsedwa, woyimbira aipereke ndithu. Gert Bezuidenhout anangopereka penate, ndipo Springboks inapambana 15–14. Ochemerera a ku New Zealand saiwala tsikuli.

Komatu mlandu waukulu wa chaka chimenecho sunali wa Robertson. All Blacks inafika patangopita masiku ochepa apolisi atawombera ana a sukulu ku Soweto pa 16 June. M'mabwalo, anthu akuda ankakhala malo awoawo monga mwa malamulo a tsankho, ndipo ambiri a iwo ankachemerera alendo. Rugby ankaisewera okha m'mabungwe awo, makamaka ku Eastern Cape ndi Western Cape, koma khomo la Springboks linali lotseka. Mayiko a mu Africa oposa 20, kuphatikizapo Tanzania ndi Zambia, ananyanyala masewero a Olympics ku Montreal chifukwa New Zealand inaloledwa kukapikisana nawo. Filbert Bayi wa ku Tanzania sanathamange ndi John Walker wa ku New Zealand pa mtunda wa mamita 1,500, mpikisano umene dziko lonse linkaudikira. Chaka chotsatira atsogoleri a Commonwealth anagwirizana ku Gleneagles kuti aziletsa ubale wa zamasewero ndi South Africa.

Pamene Springboks inapita ku New Zealand mu 1981, nkhani ya woyimbira inali itakonzedwa. Masewero omaliza ku Eden Park mu Auckland anayimbira ndi Clive Norling wa ku Wales. Panja pa bwalo apolisi ankalimbana ndi otsutsa tsankho, ndipo m'mwamba kandege kankazungulira kakugwetsa mapaketi a ufa, imodzi mwa iwo n'kumugwera Gary Knight wa All Blacks. Norling anapitiriza masewero. Nthawi yoonjezera ikutha anapereka penate, Allan Hewson anamenya bwino, ndipo New Zealand inapambana 25–22. Tsopano odandaula anali a ku South Africa. Apa ndi pamene malire a woyimbira wopanda mbali amaonekera. Norling akanatha kunena amene waponya mpira chakutsogolo kapena amene waima pamalo oletsedwa, koma buku la malamulo silinam'patse mphamvu yogamula ngati masewerowo anayenera kuchitika n'komwe. Funso limenelo linali m'manja mwa anthu amene anali pamsewu, monga aja analowa m'bwalo ku Hamilton mu July chaka chomwecho mpaka masewero analephereka.

Tsankho litagwa, mabungwe a rugby anaphatikizana mu 1992, ndipo mu 1995 South Africa inachititsa mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Anthu amakumbukira Nelson Mandela atavala malaya a Springboks popereka chikho kwa Francois Pienaar. Ochepa amakumbukira kuti paphwando lotsekera, Louis Luyt, mkulu wa rugby m'dzikolo, anapereka wotchi yagolide kwa Derek Bevan wa ku Wales, amene anayimbira masewero a ku Durban pomwe South Africa inagonjetsa France 19–15 m'chimvula, Abdelatif Benazzi atagwetsedwa pamphepete penipeni pa mzere. Palibe umboni wakuti Bevan anakondera, koma mphatsoyo inachititsa manyazi masewero onse, pakuti woyimbira sayamikidwa ndi wopambana yekha.

Makamera atabwera, ena anayesa kuti mikangano yatha. Pa ndime yomaliza ya 2007 ku Paris, woyang'ana pa kanema anakana try ya Mark Cueto wa England chifukwa phazi lake linakhudza mzere wa m'mbali. Mu 2023 Wayne Barnes anaonetsa khadi yofiira kwa Sam Cane, kaputeni wa New Zealand, South Africa ya Siya Kolisi n'kupambana 12–11. Barnes anapuma pantchito patangopita masiku ochepa, ndipo iye ndi banja lake anali atalandira mauthenga oopseza.

Wotsatira rugby wa m'chigawo chathu chino ayenera kusiyanitsa milandu iwiriyi. Wolira chifukwa cha Cueto kapena Cane akutsutsana ndi maso a munthu mmodzi pa masewero amene aliyense waluso akanatha kulowamo. Amene ankachemerera alendo ku Ellis Park mu 1976 ankatsutsana ndi lamulo lowaletsa kuvala malaya a dziko lawo, ndipo dandaulo lawolo panalibe wezulo amene akanaligamula.