Mwaye m'chotenthetsera cha gasi ndi chenjezo la mpweya wakupha

Ntcheu, Mana: Chaka chilichonse kuyambira mwezi wa May mpaka August, madera okwera a boma la Ntcheu monga Tsangano, Lizulu ndi Biriwiri amazizira kwambiri, ndipo chisanucho chimafikanso ku Nsipe ndi midzi ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Balaka. Mphepo ya mwera ikayamba kuwomba, mabanja amatseka zitseko ndi mazenera n'kulowetsa moto m'nyumba.

Ambiri amaotha nkhuni kapena mbaula ya makala, koma gasi nayenso wayamba kulowa m'makomo a aphunzitsi, alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zaumoyo ndi ena ogwira ntchito m'boma. Nkhaniyi ikufotokoza chomwe chimayambitsa mwaye m'zipangizo za gasi, makamaka chotenthetsera m'nyumba chokhala ndi chumuni, kuopsa kwake ndi zoyenera kuchita.

Mitundu ya zotenthetsera za gasi

Zotenthetsera za gasi zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zomwe zilibe chumuni, zija zoyenda pa timatayala zokhala ndi silinda kumbuyo, zomwe Amalawi ambiri okhala ku Johannesburg ndi mizinda ina ya ku South Africa amazidziwa bwino. Zimenezi zimatulutsira utsi wake m'chipinda momwemo, choncho zimafuna zenera lotsekula nthawi zonse pamene zikuyaka.

Gulu lachiwiri ndi la zomwe amazimangirira kukhoma kapena pamalo osonkhapo moto m'nyumba, ndipo zimakhala ndi paipi kapena chumuni chotulutsira utsi panja. Zimenezi n'zotetezeka kuposa zoyambazo, koma chitetezo chake chonse chagona pa chumunicho. Chikatsekeka, utsi womwe umayenera kupita panja umabwerera m'chipinda momwe anthu atseka mazenera kale podalira kuti chumuni chikugwira ntchito.

Zotenthetsera za gulu lachiwirili sizidafale kwambiri m'dziko muno, koma kagwiridwe ntchito kake n'kofanana ndi ka zipangizo zina zomwe timazidziwa, monga mafiriji oyendera gasi kapena parafini, zotenthetsera madzi osamba ndi malo osonkhapo moto a m'nyumba zakale za boma ndi za m'mamishoni.

Chomwe chimayambitsa mwaye

Gasi wa m'masilinda, yemwe amadziwika ndi dzina loti LPG, amayaka ndi lawi la buluu akapeza mpweya wokwanira, ndipo sasiya mwaye. Kuti gawo limodzi la gasiyu lipse lonse, pamafunika magawo a mpweya oyambira 24 mpaka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Mpweyawo ukaperewera, gasi amapsa moperewera, lawi limasanduka lachikasu, ndipo pamatuluka zinthu ziwiri: mwaye, womwe umaoneka, ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka.

Zomwe zimachepetsa mpweya ndi monga fumbi, akangaude ndi tizilombo tomwe timatseka mabowo olowera mpweya, dzimbiri pa choyatsira moto, zisa za mbalame kapena mavu m'chumuni, paipi yong'ambika kapena yopindika, ndi regyuleta yosagwirizana ndi chipangizocho. Vuto lina limabwera ndi zipangizo zogulidwa kunja zomwe zidapangidwira gasi wa m'mapaipi wa m'mizinda ya ku Ulaya. Mabowo ake otulukira gasi ndi aakulu, ndipo chipangizo chotere chikalumikizidwa ku silinda osasinthidwa chimafuka mwaye wambiri.

Mwaye ukayamba, vuto limakulirakulira. Umamatirira m'chumuni n'kuchepetsa njira ya utsi, utsi ukalephera kutuluka moto umasowa mpweya watsopano, ndipo moto wosowa mpweya umatulutsa mwaye wochuluka kuposa poyamba.

Mpweya wa carbon monoxide

Mpweyawu ulibe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Fungo lomwe anthu amamva gasi akamatayika ndi la mankhwala omwe makampani amathiramo dala, ndipo silichenjeza za carbon monoxide. Munthu akaupuma, mpweyawu umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kokwana ka 200 kapena kuposerapo, kotero kuti ubongo ndi mtima zimayamba kusowa okosijeni.

Zizindikiro zake ndi kupweteka kwa mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka, tulo tosadziwika bwino ndi kusokonezeka maganizo. Poti zizindikirozi zimafanana ndi za malungo kapena chimfine, munthu angathe kumwa mankhwala a mutu n'kukagonanso m'chipinda chomwecho. Kusiyana kwake n'koti thupi silitentha, anthu angapo a nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, ndipo amapezako bwino akatuluka panja.

Wogona tulo kapena woledzera angathe kumwalira osadzidzimuka n'komwe. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Imfa zotere zikachitika m'mudzi, nthawi zina abale amathamangira kuganizirana za ufiti pamene gwero lake ndi moto womwe udasiyidwa m'chipinda chotseka.

Zomwe mayiko ena adaphunzira

M'chaka cha 2010, ana awiri a banja limodzi adamwalira ali m'tulo m'tauni ya Mooroopna, m'chigawo cha Victoria ku Australia, kaamba ka mpweya wochokera m'chotenthetsera cha gasi chokhala ndi chumuni. Ngoziyi idachititsa kuti akuluakulu a chigawocho alimbikitse uthenga woti chotenthetsera chilichonse cha gasi chiziunikidwa ndi mmisiri wovomerezeka kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Adachenjezanso kuti mafani okokera mpweya panja, a kukhitchini ndi kubafa, angathe kubweza utsi kuchoka m'chumuni kulowa m'nyumba yotsekedwa kwambiri.

Ku Britain, malamulo a m'chaka cha 1998 amalamula mwini nyumba ya lendi kuti zipangizo za gasi ndi machumuni ake ziziunikidwa chaka chilichonse. Ku South Africa, woika zipangizo za gasi m'nyumba amayenera kukhala wolembetsedwa ndipo amapereka chikalata chotsimikizira ntchito yake.

Momwe zinthu zilili m'dziko muno

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Pofuna kupulumutsa nkhalango, ndondomeko ya boma ya zamakala ya 2017 mpaka 2027 komanso mfundo za mphamvu za m'chaka cha 2018 zidaika gasi pa mndandanda wa njira zolowa m'malo mwa makala. Izi zikutanthauza kuti mabanja omwe sadagwiritsepo ntchito gasi akuyenera kuphunzira kasamalidwe kake.

Bungwe la MERA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la m'chaka cha 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa gasi, pamene bungwe la MBS limaona za miyezo ya katundu. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la m'chaka cha 1997 limapereka udindo kwa olemba anthu ntchito woonetsetsa kuti malo ogwirira ntchito ndi otetezeka ndipo mumalowa mpweya wokwanira.

Komabe kwa anthu ambiri a ku Nsipe ndi madera ena akumidzi, chiopsezo chachikulu chikadali mbaula. Makala amatulutsa carbon monoxide wambiri ngakhale atayaka bwino n'kusiya kufuka, choncho chikhulupiriro choti mbaula yopanda utsi ingathe kugona m'chipinda n'cholakwika. Alonda a m'maofesi ndi m'masukulu, omwe amadzitsekera m'tinyumba ting'onoting'ono ndi mbaula usiku, ali m'gulu la anthu ofunika kuuzidwa zimenezi.

Zizindikiro zoti chipangizo chili ndi vuto

Mwini nyumba kapena woyang'anira ofesi ayenera kuzimitsa chipangizo akaona lawi lachikasu lomwe likuvinavina, madontho akuda pakhoma, padenga kapena pa chipangizocho, mwaye wogwa kuchokera m'chumuni, madzi ochuluka pa magalasi a mazenera kapena moto womangozima wokha. Zotenthetsera zina zidapangidwa kuti lawi lake lizioneka ngati la nkhuni, koma nazonso siziyenera kudetsa khoma.

Kupukuta mwaye wapamwamba sikuthetsa vuto. Pamafunika mmisiri wodziwa za gasi kuti atsuke choyatsira moto, akonze chumuni, aone regyuleta ndi mapaipi ndi kuyesa ngati utsi ukutuluka. Ntchitoyi ichitike m'mwezi wa April, chisanu chisadayambe.

Mabowo olowetsa mpweya m'makoma asatsekedwe ndi nsanza kapena mapepala, ndipo chotenthetsera chilichonse chizimitsidwe anthu asadagone. Sitovu yophikira, mbaula ndi jenereta si zotenthetsera chipinda. Komwe n'kotheka, m'nyumba muikidwe kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide. Pofuna kudziwa ngati gasi akutayika, apake madzi a sopo polumikizira paipi n'kuona ngati pakutuluka thovu, osati kuyatsa machesi.

Ngozi ikachitika

Wopulumutsa atsekule zitseko ndi mazenera, atseke silinda ndi kutulutsira wodwalayo panja msanga, osachedwa m'chipindamo. Wokomoka koma akupuma agonekedwe chammbali, ndipo asamwetsedwe mkaka, madzi kapena china chilichonse. Athamangire naye kuchipatala chapafupi ngakhale atatsitsimuka, ndipo achipatala auzidwe kuti m'chipindamo mudali moto.

Chithandizo chachikulu ndi okosijeni. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la carbon monoxide lichoke m'magazi, pamene ndi okosijeni wa kuchipatala pamatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Ena mwa opulumuka amayamba kuiwalaiwala kapena kusokonezeka patapita masiku, ndipo otere abwerere kuchipatala. Chipangizo chomwe chadzetsa ngoziyo chisayatsidwenso kufikira chitakonzedwa.

Udindo wa adindo

Akuluakulu a nthambi za boma m'makhonsolo, oyang'anira nyumba za boma, aphunzitsi aakulu a sukulu zogonera pomwepo ndi oyang'anira zipatala akuyenera kukhala ndi kaundula wa zipangizo zonse za gasi ndi machumuni, wosonyeza tsiku lomwe chilichonse chidaunikidwa komaliza, ndi kuika ndalama za ntchitoyi m'ndondomeko ya zachuma ya chaka. Pogula zipangizo, afunse ngati zidapangidwira gasi wa m'silinda.

Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathe kufalitsa uthengawu m'misonkhano ya m'midzi mwezi wa May usadafike, kuti banja lililonse lidziwe kuti mbaula imatulutsidwa panja ndipo gasi amatsekedwa anthu asadapite kokagona.