Wakufa angatilankhulire kwa Chauta? Mbiri ya mkangano wa oyera mtima kwawo kwa Mbona

Usiku wa Pasaka, ubatizo usanayambe, Akatolika a ku Nsanje amaitana mayina mmodzimmodzi: Maria, Yosefe, Petulo, Paulo, mpingo wonse n'kumavomera kuti anthu amenewa awapempherere. Kukacha, mbusa wa Africa Evangelical Church kapena wa mpingo wa Pentekosite amauza nkhosa zake kuti womwalira alibe khutu lomvera pempho la wamoyo. Onsewa amapemphera m'dera la Mfumu Malemia, momwe muli nkhalango ya Khulubvi ndi kachisi wa Mbona. Mkangano umene unabadwira kutsidya kwa nyanja unapeza kuno funso lake litayankhidwa kale, ndipo n'chifukwa chake sunazirale.

Kwa Akhristu, nkhaniyi inayambira kumanda. Cha m'ma 155, Polycarp, bishopu wa ku Smyrna, ataphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, anzake anatola mafupa ake n'kumasonkhana chaka ndi chaka pa tsiku la imfa yake. Kukumbukira kunabala kupempha. Pofika 406, wansembe wina dzina lake Vigilantius anali atayamba kudandaula kuti kuyatsa makandulo ndi kupsompsona mafupa ndi chikunja chovala malaya atsopano. Jerome anamuyankha mwaukali kuti ngati atumwi ankapempherera anzawo ali ndi moyo, sangaleke atafika kwa Mbuye wawo.

Mphika unasweka m'zaka za m'ma 1500. Otsatira Martin Luther, m'chivomerezo chawo cha ku Augsburg mu 1530, anati oyera mtima tiziwakumbukira ndi kutengera chitsanzo chawo, koma tisawaitane, pakuti mkhalapakati ndi Khristu yekha. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent unayankha mu 1563 kuti kuwapempha n'kwabwino ndiponso n'kothandiza. Mbali zonse ziwiri zinadzakwera mtsinje wa Shire zitasenza mayankho amenewa.

Oyamba anali a Anglican. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo anzake atavutika kwa Chibisa ku Chikwawa, mishoniyo inachoka. Amene anakhazikika ndi a South Africa General Mission, omwe anamanga ku Lulwe mu 1900 kenako ku Chididi, pamapiri oyang'ana chigwa. Ansembe a Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901, anatsikira kuchigwa pambuyo pake, ndipo dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965.

Amang'anja amene anawapezawo sankadabwa ndi zotuma womwalira. Munthu wamba sakalowa yekha kwa mfumu yaikulu, amadzera kwa nduna. Kwa Chautanso ankadzera kwa mizimu ya makolo. Zapabanja, monga matenda ndi kubereka, zinkathera pansembe ya ufa kapena mowa. Koma mvula, dzombe ndi mliri zinali za Mbona.

Akuluakulu amasimba kuti Mbona anali wodziwa kuitana mvula, amene adani ake anamuthamangitsa mpaka kumuphera pafupi ndi dambo la Ndindi. Magazi ake akuti anasanduka mtsinje, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi. Kachisi wake ndi kanyumba kaudzu kamene kamamangidwanso kakagwa. Ali ndi mkazi wotchedwa Salima, ndipo uthenga wake umadzera mwa munthu wogwidwa ndi mzimu wake. Olowa m'nkhalangomo amavula nsapato, ndipo nsalu yake ndi yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Mafumu Malemia, Ngabu ndi Tengani ali ndi udindo pakachisiyu, pansi pa mfumu yaikulu Lundu.

Munthu wosalakwa, wophedwa mwankhanza, amene manda ake asanduka malo opemphererapo: Mkatolika aliyense akadaizindikira nkhaniyi. Amene anailondola mozama ndi Matthew Schoffeleers, wansembe wa Montfort wochokera ku Netherlands, yemwe anafika ku Nyasaland mu 1955 n'kutumikira kuchigwa. M'buku lake la 1992, River of Blood, anafotokoza kuti chipembedzo cha Mbona monga tikuchidziwira chinaumbika cha m'ma 1600, m'nthawi ya nkhondo za Lundu, ndipo anachitcha chipembedzo cha wofera. Anapezanso kuti nkhani ya Mbona inayamba kutengera ya Khristu, mpaka ena n'kumamutcha Yesu wakuda. Apa zikuoneka kuti anthu a kuchigwa sanangokhala omvera. Anamva ulaliki wa mbali zonse, n'kusankhamo zowakwanira.

Kwa amishoni a ku Chididi ndi ana awo auzimu, nkhani inali yosavuta. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, mutu 2 ndime 5, imatchula mkhalapakati mmodzi. Deuteronomo 18 amaletsa kufunsira kwa akufa. Sauli anaona zakuda atakadzutsa Samueli ku Endori. Choncho Mbona, agogo ndi Antonio woyera wa ku Padua onse amalowa m'dengu limodzi. Akatolika ntchito yawo inali yolemera, chifukwa ankayenera kuletsa nsembe ya ku Khulubvi kwinaku akuphunzitsa korona ndi kupatsa ana mayina a oyera mtima. Yankho lawo ndi lakuti Mulungu yekha ndiye amapembedzedwa. Woyera mtima amangopemphedwa kuti atithandize kupempha, monga timachitira ndi Mkhristu mnzathu, ndipo alibe mphamvu yakeyake yogwetsa mvula kapena kulanga. Amaloza Chivumbulutso 5, pamene akulu a kumwamba anyamula mapemphero a okhulupirira.

Chimene ambiri okangana pansi pa mtengo saganizira n'chakuti mabuku amene agwira si ofanana. Nkhani ya mneneri Yeremiya akupempherera mtundu wake atamwalira kale ili mu 2 Amakabeo 15. Bukuli lili m'Malembo Oyera, Baibulo la Akatolika la 1966, koma mulibe mu Buku Lopatulika la 1922 limene linalera mipingo inayo. Wina akamati “zalembedwa”, mnzake amatsegula n'kupeza palibe.

Kunena mosapsatira, mbali iliyonse ili ndi pomwe imatsimphina. Mlaliki wokana oyera mtima sadzitsutsa, koma Akhristu ake omwewo amalankhula ndi mtembo pamaliro, ndipo agogo akabwera kumaloto sagona tulo. Mkatolika naye amavutika kufotokozera mayi wa ku Mbenje chifukwa chimene Antonio wa ku Padua, amene anamwalira mu 1231 osaonako Shire, angamumvere, pamene amayi ake omubala sangatchulidwe paguwa. Mpingo umati kusiyana kwake n'kwakuti moyo wa woyera mtima unafufuzidwa ndipo zozizwitsa zinatsimikizidwa. Ndiye kuti mkangano weniweni suli pa zakuti akufa amamva kapena ayi. Uli pa zakuti ndi akufa ati, nanga wowasankha ndani.

Roma inayamba kuyankha dandaulo limeneli mochedwa. Pa 18 Okutobala 1964, Papa Paulo VI analengeza kuti Akatolika 22 amene Kabaka Mwanga anawapha ku Uganda pakati pa 1885 ndi 1887 ndi oyera mtima, ndipo mayina a awiri mwa iwo, Lwanga ndi Kizito, anafalikira m'maparishi ndi m'sukulu za m'Malawi. Mmalawi sanalowebe pamndandandawo. Mu 2015 mpingo unakweza Benedict Daswa wa ku South Africa kukhala wodala. Daswa anali mphunzitsi, ndipo anaphedwa mu 1990 atakana kusonkha ndalama zokalipira sing'anga woti apeze mfiti imene ankati inkatumiza ziphaliwali m'mudzi mwake.