Mapasa a ku Chamba ndi mlandu wakale wa kutupikana

Kwathu ku Ulongwe, mwana akayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiira, khungu n'kumasupuka, anthu amathamangira kufunsa kuti walakwa ndani. Akuluakulu amatchula tsempho, kapena ndaka m'Chiyao: amati bambo kapena mayi sanadzisunge pa nthawi imene mwambo umaletsa. Ife opita kusukulu timaseka zimenezo, kenaka n'kunena kuti mayi ake ndi mbuli, sadziwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Mayankho awiriwa amaoneka ngati otsutsana, koma onse amakagwetsa mlandu pakhomo pomwepo, kawirikawiri pamutu pa mayi. Ine ndimaphunzira mbiri, ndipo mbiri ya matendawa yandiphunzitsa kuti mlanduwu tinaugamula mboni zina zisanalankhule.

Madokotala achizungu anayamba kuwalemba bwino matendawa mu 1933, pamene Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica amene ankagwira ntchito ku Accra, m'dziko limene lero ndi Ghana, anafotokoza za ana otupikana amene ankadalira phala la chimanga. Mu 1935 anawatchula ndi dzina limene anamva kwa anthu a mtundu wa Ga, kwashiorkor, kutanthauza matenda ogwira mwana amene wachotsedwa kubere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Taonani kuti dzinalo linachokera kwa eni dera, amene anali atawazindikira kale matendawo.

Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi makumi anayi, yankho la akatswiri linali limodzi: mwana akusowa zakudya zomanga thupi. Mabungwe a United Nations anathira ndalama zambiri pa mfundo imeneyi, mpaka mu 1974 katswiri wina, Donald McLaren, analemba mu magazini ya The Lancet kuti dziko linakokomeza nkhani ya zomanga thupi pamene ana ambiri ankangosowa chakudya chokwanira. Funso limodzi linatsalabe: pa ana awiri odya mbale imodzi, n'chifukwa chiyani wina amatupa, wina ayi?

Apa ndi pamene Malawi akulowa m'mbiriyi. Mu 2001 dokotala wa ana wa ku America, Mark Manary, anayamba kuyesa ku Blantyre chakudya cha mtedza, mkaka waufa, shuga ndi mafuta chimene mayi angathe kupatsa mwana kunyumba. Ndi chiponde chimene timachidziwa kusikelo. Patapita zaka, Manary pamodzi ndi Jeffrey Gordon wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis, ndi anzawo a ku College of Medicine, anatsata mapeyala 317 a mapasa m'madera asanu a kummwera, kuyambira ali makanda mpaka zaka zitatu. Limodzi la maderawo linali Chamba m'boma la Machinga, boma limene ife a ku Ulongwe tinali m'kati mwake kufikira Balaka ataima payekha mu 1998.

Zotsatira zinatuluka mu 2013 mu magazini ya Science. Pa mapeyala 100 alionse, 43 anasiyana: mwana mmodzi anagwa m'matenda a kuperewera kwa zakudya, mnzake ali bwinobwino. Mayi mmodzi, bere limodzi, mphika umodzi. Ngati vuto likanakhala tsempho kapena umbuli wa mayi basi, bwenzi likusankha bwanji pakati pa ana ogona pa mkeka umodzi?

Ofufuzawo anayang'ana kumene ambirife sitifuna kuyang'ana, m'chimbudzi cha anawo. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri mwa ito n'tothandiza: timagaya zimene thupi palokha silingagaye, timapanga mavitamini ena, komanso timaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mnansi. Tizilomboti timakula limodzi ndi mwana, kusinthasintha mpaka afike zaka ngati zitatu. Mwa ana otupikana, kukulako kunali kutaima panjira. Akadya chiponde kumayambiranso, koma akasiya kumabwerera m'mbuyo.

Kenaka anatenga tizilombo ta mapasa osiyanawo n'kutiika m'mbewa za mu labotale zoleredwa zopanda kachilombo kalikonse m'thupi, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, chochuluka chimanga. Mbewa zolandira tizilombo ta mwana wotupikana zinaonda kwambiri, zolandira ta m'bale wake wathanzi sizinaonde motero. Zopatsidwa chiponde zinayamba kubwerera. Ndiye kuti chakudya chosakwanira ndi tizilombo tosokonekera zimagwirana manja.

Chitetezo cha m'thupi chikubwera motere. Matumbo amatulutsa asilikali otchedwa IgA amene amamatirira pa mabakiteriya ena kuti asaboole khoma la matumbo. Mu 2015 gulu lomwelo linapatula mabakiteriya omatiridwa ndi IgA ochokera kwa ana a ku Malawi odwalawo. Atawapatsa mbewa zodya chakudya chosakwanira chija, khoma la matumbo linawonongeka, mbewa zinaonda, tizilombo tinalowa m'magazi. Mitundu iwiri ya mabakiteriya yochokera m'matumbo athanzi inathandiza kuziteteza. Matumbo otupa ndi obooka ngati amenewa sayamwa bwino chakudya, choncho mayi angathe kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro tsiku ndi tsiku, mwana n'kumaondabe.

Chaka chomwecho cha 2013, kafukufuku wina wa ana 2,767 a m'midzi ya ku Malawi anapeza kuti ana opatsidwa chiponde pamodzi ndi mankhwala opha mabakiteriya ankamwalira ochepa kusiyana ndi opatsidwa chiponde chokha. Koma kafukufuku wa ku Niger wa mu 2016 sanapeze kuti mankhwalawo amachulutsa ochira, ndipo mankhwala otere amapha tizilombo tabwino tomwe. Aliyense asatenge nkhaniyi ngati chilolezo chogulira mwana makapisozi pa golosale. Ku Bangladesh ofufuza anatsata njira ina, yodyetsa tizilombo tabwinoto: anapanga chakudya cha tchana, soya, mtedza ndi nthochi zosapsa, ndipo mu 2021 analengeza kuti ana ochidya ankanenepa msanga kuposa odya chakudya chothandizira cha nthawi zonse. Soya, mtedza ndi nthochi sizachilendo pamsika wa Ulongwe.

Sindikunena kuti chakudya chilibe ntchito, kapena kuti tizilombo tamaliza mlandu wonse. Njala ndi yeniyeni, ndipo mwana wotupa ayenera kufika kusikelo tsiku lomwelo. Nkhawa yanga ili pa zimene kuloza chala kumachita. Mayi amene akudziwa kuti akamunena kuti anasempha mwana, kapena kuti ndi mbuli, amabisa mwanayo kumbuyo m'chitenje, n'kuchedwa. Masiku ochedwawo ndi amene amapha.

Anzanga omaliza maphunziro, ambiri a inu mudzakhala aphunzitsi, alangizi, atolankhani ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Mukadzakumana ndi mwana wotupa, mudzafunse kumene banjalo limatunga madzi, ngati lili ndi chimbudzi, kuti mwanayo watsegula m'mimba kangati chaka chino, ndiponso kuti nkhokwe inatha mwezi uti. Ndipo amene timatha kuwerenga Chingelezi cha magazini aja tili ndi ngongole kwa amayi a ku Chamba amene ankanyamula mapasa awo kupita nawo kwa ofufuza. Zimene ana awo anaphunzitsa dziko ziyenera kumveka m'Chichewa ndi m'Chiyao, pansi pa mtengo pamene pamachitikira sikelo.