Mtengo ndi Mwala: Mbiri ya Luso la ku Kassel

Kuyambira kale amisiri a zithunzi ku Ulaya ankajambula dziko monga maso amafunira kuliona: mapiri, zigwa, nkhalango zowirira ndi mitsinje ya madzi oyera. Ku Germany kunali katswiri wina, Caspar David Friedrich, amene anamwalira m'chaka cha 1840. Iyeyu ankakonda kujambula mtengo wa oak, umene m'Baibulo lathu umatchedwa thundu, ndipo kwa anthu a mtundu wake thundu ndi chizindikiro cha mphamvu ndi moyo wautali.

Koma pofika zaka zoyamba za m'ma 1980, nkhalango za ku West Germany zinali zitayamba kudwala. Utsi wa m'mafakitale ndi wa magalimoto unkasakanikirana ndi mitambo, nkugwa ngati mvula ya asidi, ndipo mitengo yambiri inkayoyoka masamba. Apa tsono amisiri anakumana ndi funso lovuta: kodi wojambula dziko achite chiyani pamene dzikolo likuonongeka? Apitirize kujambula kukongola kumene kukutha, kapena ajambule mabala ake?

Joseph Beuys, mmisiri wobadwa m'chaka cha 1921, anayankha mwa njira yachitatu. Iye anasankha mzinda wa Kassel, umene mabomba anaugumula usiku wa pa 22 October 1943, nkupha anthu zikwizikwi. Pomanganso mzindawo nkhondo itatha, akuluakulu anaganizira kwambiri za misewu yotakata ndi malo oimikapo magalimoto. Mumzinda womwewo, kuyambira 1955, mumachitika chionetsero chachikulu cha zaluso chotchedwa Documenta, chimene masiku ano chimabwera zaka 5 zilizonse.

Ataitanidwa ku Documenta ya 1982, Beuys sanabwere ndi chithunzi chopachika pakhoma. Anatuta miyala 7,000 yakuda ndi yolimba, ya mtundu wa basalt, naiunjika pabwalo la Friedrichsplatz, pakhomo penipeni pa nyumba ya chionetsero. Lamulo lake linali limodzi: mwala uchoke pamuluwo pokhapokha mtengo wabzalidwa kwinakwake mumzindamo, ndipo mwalawo uimikidwe pambali pa mtengowo. Ntchitoyi anaitcha "Mitengo ya Thundu 7,000", ngakhale kuti pambuyo pake anabzalanso mitengo ya mitundu ina. Mtengo woyamba anabzala yekha m'mwezi wa March 1982.

Tisaganize kuti anthu a ku Kassel anaombera m'manja. Ambiri anakwiya, nati muluwo ukunyansitsa bwalo lawo. Ena anadandaula kuti mitengo iwalanda malo oimika magalimoto. Komatu nzeru ya Beuys inagona pomwepo. Yense wonyansidwa ndi muluwo anali ndi njira imodzi yokha youchepetsera, ndiyo kubzala mtengo. Motero kuonongeka kwa chilengedwe, kumene anthu ankangokumva m'nyuzipepala, kunasanduka chinthu chokhala pakati pa mzinda, chooneka ndi maso tsiku ndi tsiku, ndiponso chotheka kuchiwerenga.

Ndalama nazo zinavuta. Wofuna kuthandiza ankapereka ma Mark 500 pa mtengo umodzi ndi mwala wake, ndipo bungwe la Dia Art Foundation la ku New York linathandiza poyambira, koma sizinakwane. Beuys anasungunula chisoti chachifumu chagolide, chosulidwa mofanizira cha mfumu ya ku Russia, Ivan the Terrible, naumba nacho kalulu, amene anagulitsidwa kuti ndalama zipite ku mitengo. Analolanso kuonekera pa malonda otsatsa mowa wa whisky wa ku Japan. Mutu umodzi susenza denga: ophunzira, mabanja ndi antchito a mzinda anakumba maenje m'mbali mwa misewu, pa sukulu ndi m'mabwalo.

Mwini ntchito sanaone mapeto ake. Beuys anamwalira m'mwezi wa January 1986 miyala ina ikadali pabwalo. Mtengo wotsiriza anabzala ndi mwana wake Wenzel m'mwezi wa June 1987, potsegulira Documenta yotsatira, pafupi ndi uja woyamba wa bambo ake.

Maganizo ameneŵa sanathere ku Kassel. Ku Finland, mmisiri wina wamkazi, Agnes Denes, anatenga malo okumbika ndi ofukula miyala ya misewu ku Ylöjärvi, naumbapo phiri, ndipo pofika 1996 panali patabzalidwa mitengo 11,000. Pangano lake ndi lakuti nkhalangoyo isadulidwe kwa zaka 400. Nayenso anapanga chinthu chimene sadzachiona chitakhwima.

Nanga mwala uja unali wa chiyani? Pa tsiku lobzala, mwala ndiwo unkaoneka wamphamvu, kamtengo kali kowonda ngati ndodo. Mwala sukula, choncho umakhala muyeso: chaka ndi chaka wodutsa amaona mmene mtengo waupitirira. Lero, patapita zaka zoposa 40, miyala yambiri ili mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Ndipo pamene mtengo wafa, mwala umatsala chiimire, kukumbutsa eni mzinda kuti pamalopo pakufunika mtengo wina.

Tikamaŵerenga mbiri imeneyi tikuona kuti luso lojambula dziko linasintha ntchito yake. Friedrich anatipatsa thundu loti tiliyang'ane. Beuys anapatsa anthu khasu, dzenje ndi udindo wothirira. Kuononga nkhalango ndi ntchito ya masiku ochepa, koma kuibwezera kumafuna anthu ovomera kuyamba chimene ana awo adzatsirize. Ku Kassel bambo anabzala mtengo woyamba, mwana nabzala wotsiriza, ndipo adzukulu ndiwo akukhala pamthunzi.