Safunsa Anadya Phula: Mbiri ya Koleji Yaing'ono ndi Njira Yopita ku Yunivesite

Mwezi uno tikambe za koleji yaing'ono, ija imene munthu amaphunzirako zaka ziwiri kenako n'kusamukira ku yunivesite kukamaliza digiri. Ambirife tili ndi mwana kapena mng'ono kumudzi amene tikumulipirira fizi, enafe tikusunga timakobidi kuti tichite kosi yamadzulo konkuno. Ndiye mbiri iyi ikukhudza thumba lathu.

Muno mu Doha koleji yotere ilipo. Community College of Qatar idatsegulidwa mu 2010, boma la Qatar litagwirizana ndi Houston Community College ya ku Texas, America. Mgwirizanowo udali wa zaka zisanu, wa madola 45 miliyoni. Cholinga chidali chakuti ana a dziko lino amene sadakwanitse kulowa mwachindunji ku Qatar University, yomwe idayamba mu 1977, apeze khomo lina: ena atenge dipuloma n'kukagwira ntchito, ena apitirire ku digiri. Koleji ina, College of the North Atlantic-Qatar, idabwera ndi a ku Canada mu 2002 kudzaphunzitsa zaumisiri, ndipo mu 2022 idasanduka University of Doha for Science and Technology.

Nzeru imeneyi idabadwira ku America. William Rainey Harper, mkulu woyamba wa University of Chicago, ankati zaka ziwiri zoyambirira za digiri zitha kuphunzitsidwa kusukulu yaing'ono, pafupi ndi kwawo kwa wophunzira, pa mtengo wotsika. Mu 1901 iye ndi J. Stanley Brown, mkulu wa sekondale m'tauni ya Joliet, adayambitsa Joliet Junior College ndi ophunzira 6 okha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, komiti imene adaika Pulezidenti Harry Truman idalimbikitsa mu 1947 kuti makoleji otere afalikire m'madera onse. Mu 1960 boma la California lidakhazikitsa ndondomeko yakuti mayunivesite ake azisungira malo ophunzira ochokera m'makoleji aang'onowa.

Papepala njira idali yoyera, koma ambiri ankathera panjira. M'chaka chomwecho cha 1960, katswiri wina, Burton Clark, atafufuza koleji ya ku San Jose, adaonetsa kuti ambiri olowa ndi maloto a digiri sankafika. Palibe amene ankawathamangitsa, ayi. Ankawaziziritsa pang'onopang'ono. Mlangizi wa maphunziro ankawaitanira mu ofesi, kuwaonetsa malikisi awo, n'kuwauza mokoma kuti mwina kosi yaifupi ingawayenere. Wophunzira ankatuluka akuthokoza, osadziwa kuti khomo latsekeka. Vuto lina lidalipo kale ndipo lilipo mpaka lero, munthu kumaliza zaka ziwiri, kufika ku yunivesite, n'kuuzidwa kuti ena mwa maphunziro amene adakhoza sawerengedwa, abwereze. Ndalama zapita, zaka zapita.

Apa tikuona kuti mlangizi ndi munthu wamphamvu. Wabwino amakufunsa kumene ukufuna kukathera, n'kukusankhira maphunziro amene yunivesiteyo idavomereza kale polemba. Woipa, kapena wotopa chifukwa ali ndi ophunzira ambirimbiri, amangokulembetsa m'kalasi imene muli malo.

Mwina wina akuti izi n'za azungu. Tiyeni tione mnzathu wa kutheba, Hastings Kamuzu Banda. Za ndale zake tidzakangana tsiku lina, lero tione ulendo wake wa sukulu basi. Adachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, adagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley ku Southern Rhodesia, kenako pa mgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Johannesburg. Kumeneko adakumana ndi Bishopu William Vernon wa mpingo wa AME, amene adamulonjeza thandizo la fizi. Mu 1925 adapita ku America, koma sadalumphire ku yunivesite. Adayamba ndi sekondale ku Wilberforce Institute ku Ohio, n'kumaliza mu 1928. Adalowa Indiana University, kenako adasamukira ku University of Chicago, ija ya Harper, komwe adatenga digiri mu 1931. Udokotala adaumalizira ku Meharry Medical College ku Tennessee mu 1937.

Tamvani tsono. Dokotala wathunthu, koma pepala lake la ku America silinkamulola kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo kwawo ku Nyasaland. Adayenera kupita ku Edinburgh kukakhalanso pa benchi mpaka 1941. Ngati zidachitikira munthu wa madigiri awiri, nanga kasatifiketi kathu ka miyezi itatu, eti?

Tinene zoona, makoleji a boma muno adamangidwa poganizira eni dziko, osati ife a ovololo ndi yunifolomu ya ulonda. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo lidaika kuyambira mu Marichi 2021 ndi mariyali 1,000 pamwezi. Amene amatipeza ife ndi ogulitsa makosi pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo nawonso amadzitcha alangizi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadya ukalembetsa, kaya pepalalo lidzagwira ntchito kaya ayi. Kumudzi nakonso nkhani ndi yomweyo. Boma la Malawi lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma mu 2015, ndipo makoleji a anthu wamba ali mbwee m'Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mwana akatiimbira kuti wapeza malo, timathamangira kutumiza ndalama tisanafunse kuti dipulomayo ikathera kuti.

Mbiri iyi ikutipatsa mafunso atatu oti tizifunsa tisanalipire. Loyamba, ndani adavomereza sukuluyi? Kwathu makoleji ndi mayunivesite amavomerezedwa ndi NCHE, ya lamulo la 2011, ndipo za ntchito zamanja zimayang'aniridwa ndi TEVETA, ya 1999. Lachiwiri, ndi yunivesite iti imene imalandira omaliza kosi iyi, ndipo amalowa chaka chachingati? Yankho tikalitenge ku yunivesiteyo, lolembedwa, osati pakamwa pa wogulitsa kosi. Lachitatu, pepalali lidzagwira ntchito m'dziko limene tikufuna kukakhala? Muno mu Qatar tikudziwa kale kuti satifiketi yakunja imafuna zidindo isanalandiridwe.

Ndipo wina akatiuza kuti digiri si ya anthu ngati ife, tikumbuke zimene Clark adaona ku San Jose. Mwina akunena zoona za malikisi athu, mwina akungotiziziritsa. Tipemphe atiuze chenicheni chimene chikusowa, kaya ndi masamu kaya Chingerezi cha MSCE, pakuti phunziro limodzi munthu amatha kulembanso.

Makolo adati safunsa anadya phula. Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi dzina la kosi imene akuilingalira, yake kapena ya mwana, tidzaiyese pamodzi ndi mafunso atatuwa ndalama isanatuluke m'thumba.