Mzinda wa njanji, ana a mamotoka a waya

Ku Britain, ku Germany ndi ku America kuli azibambo a imvi amene Loweruka m'mawa amanyamula makatoni n'kupita ku holo ya sukulu kapena ya tchalitchi kukaseweretsa tisitima. Musaseke msanga. Tisitimato n'tokwana m'dzanja, koma tili ndi zonse zimene sitima yeniyeni ili nazo: mawilo, mazenera, nambala yake, ngakhale dzimbiri lopakidwa dala. Timayenda ndi magetsi pa njanji yoyalidwa pathebulo, kudutsa timapiri ta pepala ndi timilatho ta pulasitiki. Pa tsiku la chionetsero, mbali ina ya holo imakhala ya oonetsa, mbali ina ya ogulitsa ndi osinthana. Uyu ali ndi injini yopanda mawilo, uyo ali ndi mawilo opanda injini. Akambirana, asinthana, ndipo aliyense abwerera kwawo ali wokondwa.

Ku Kanyama, ku George kapena ku Mtendere zimenezi n'zachilendo. Komabe aliyense amene anapindapo waya ali mwana n'kutulutsa motoka yoyenda amaidziwa ntchito imeneyi, chifukwa nayenso anatenga chinthu chachikulu cha pamsewu n'kuchichepetsa kuti chikhale chake. Chodabwitsa n'chakuti ana a Lusaka amapanga maminibasi, mathiraki, ngakhale ndege, koma sitima kawirikawiri saipanga. Chonsecho mzinda uno unabadwa ndi njanji. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyala mbiri ziwiri pamodzi: ya tisitima ta kunja, ndi ya sitima yathu yaikulu.

Kumene tisitima tinachokera

Mu 1891, pa chionetsero cha malonda cha ku Leipzig, kampani ya Märklin ya ku Germany inabweretsa kasitima kopukusa ngati wotchi, koyenda pa njanji ya zidutswa zolumikiza. Nzeru yake inali pa muyeso. Zidutswa zonse zinali zofanana m'lifupi, moti wogula ankatha kubweranso chaka china kudzaonjezera njanji, ngolo kapena siteshoni, zonse n'kugwirizana ndi zakale zija. Ku New York, Joshua Lionel Cowen anayamba kampani ya Lionel mu 1900. Kasitima kake koyamba ka magetsi anakapangira eni masitolo kuti kazikopa anthu pawindo, koma odutsa anayamba kufuna kugula kasitimako. Ku Liverpool, Frank Hornby, amene anali atatchuka kale ndi zitsulo zomangira za Meccano, anayamba kugulitsa tisitima ta dzina lake mu 1920.

Zaka zimenezo sitima inali paliponse m'moyo wa anthu a kumeneko. Inkanyamula antchito, makalata, malasha ndi asilikali. Mwana ankaimva usiku ali pabedi, n'kuiona m'mawa akupita kusukulu. Atakula, anafuna kuimanga. Ku London kunakhazikitsidwa kalabu yotchedwa The Model Railway Club mu 1910, ndipo ku America okonda tisitima anapanga bungwe la National Model Railroad Association mu 1935. Ntchito yaikulu ya bungweli inali kugwirizana pa miyeso, kuti ngolo ya kampani ina iziyenda pa njanji ya kampani ina. Popanda mgwirizano umenewo, msika wosinthana sukanatheka.

Muyeso wofala kwambiri lero umatchedwa HO. Chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji pamakhala mamilimita 16.5. Pali wina wocheperapo, wa N, wochepetsa ka 160. Pano pali kanthu kena kotikhudza ife. Njanji za ku Ulaya ndi ku America n'zotalikirana mamilimita 1,435, pamene za Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa n'zotalikirana mamilimita 1,067. Mukachepetsa yathuyi ka 87 mumapeza mamilimita 12 ndi pang'ono. Ndiye kuti munthu wofuna kumanga sitima ya ku Kabwe molondola sangangotola njanji wamba ya HO m'sitolo n'kuyala. Ayenera kufunafuna yopapatiza, mwinanso kupanga yekha zina.

Kasiteshoni kamene kanasanduka likulu

Mlatho wa pa Victoria Falls unatha kumangidwa mu 1905, ndipo njanji yochokera kum'mwera inapitirira kulowera ku migodi. Inafika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1906, ndi kumalire a Congo mu 1909. Popeza njanjiyo inali imodzi yokha, omanga ankaika kasiteshoni pa mtunda uliwonse wa makilomita pafupifupi 30, pamene sitima ziwiri zingapatukirane. Kamodzi mwa timasiteshoni timeneti kanagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo kanatenga dzina lake. Panabwera masitolo, alimi achizungu ndi ngolo za ng'ombe. Mu 1913 panakhazikitsidwa bungwe loyendetsa kamudziko, n'chifukwa chake Lusaka inakondwerera zaka 100 mu 2013. Mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera kuno.

Yang'anani mapu a mzinda, mudzaona kuti njanji ndiyo msana wake. Cairo Road inagona motsatira njanji. Kum'mawa, pamtunda, atsamunda anamangako maofesi a boma ndi mayadi awo. Kumadzulo ndi kum'mwera, kwa miyala ndi madzi osefukira, kunatsalira mafakitale ndi anthu ogwira ntchito zamanja. Munthu wakuda ankafunika chitupa kuti akhale m'tauni, ndipo nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito. Matero inamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Amene sanapeze malo m'nyumba za khonsolo ankachita lendi pa minda ndi pa malo a makontrakitala, ndipo maina monga George, John Laing ndi John Howard akutikumbutsabe za eni malowo. Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chinatha, anthu anakhamukira mumzinda, makomboni n'kufutukuka.

Boma latsopano linaika mtima pa njanji. Zambia Railways inapatukana ndi Rhodesia Railways mu 1967. Pamene Ian Smith ndi boma lake anali kutsekereza njira ya kum'mwera, Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anagwirizana ndi China kumanga TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, kuyambira 1970 mpaka 1975. Koma njanji zonsezi anazimangira mkuwa ndi maulendo ataliatali. Mayi wa ku Chawama wopita kukaoda tomato ku Soweto, kapena bambo wa ku Kalingalinga wopita kuntchito, sitima inalibe naye ntchito. Iye ankayenda pansi, pa njinga, kapena kudikira basi ya UBZ.

Zaka zochepa za Njanji

Panali nthawi imodzi yokha pamene sitima inalowadi m'moyo wa tsiku ndi tsiku wa mukomboni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunayamba kuyenda sitima ya mumzinda imene aliyense ankangoitcha Njanji. Inkachoka ku Chilenje, kudutsa m'tauni, mpaka ku Matero ndi ku George. Inkanyamula antchito, ana asukulu ndi amayi a pamsika ndi katundu wawo. Zaka zomwezo boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda a zamtengatenga. UBZ inatha mu 1995, maminibasi anadzaza misewu, ndipo zaka za m'ma 1990 zisanathe sitima ya Njanji inali itaima. Zitsulo zina zinazulidwa, ndipo pamalo ena pamene sitima inkadutsa pali nyumba ndi tuntemba.

Njanji yaikulu nayo inadwala. Mu 2003 boma linaipereka m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia, n'kuilandanso mu 2012 mu ulamuliro wa Michael Sata. Lero mukaima pa Dedan Kimathi Road, siteshoni ya sitima ndi Intercity zili moyandikana. Kumene kuli phokoso, akaponya ndi mazamkabu mukukudziwa. Kwinako kuli zii.

Yankho la funso lija lili pamenepa. Mwana amapanga chimene chimamudutsa pamaso n'kumusiya akulakalaka. Mwana wa ku Liverpool mu 1920 ankalota zoyendetsa sitima. Mwana wa ku Kanyama amalota Hiace, thiraki ya pa Kafue Road kapena basi ya ku Chipata. Wa ku Misisi ndi ku Chawama sitima ya katundu amaiona ikukwawa m'mphepete mwa komboni, koma ambiri sanaikwerepo. Palinso vuto la kapangidwe. Motoka ya waya imayenda paliponse pamene mwini wake akuiongolera. Sitima imafuna njanji yofanana m'lifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawilo okhala ndi mlomo mkati kuti asagwe, zolumikizira ngolo, ndi malo oyalapo osapondedwa ndi anthu. Pabwalo la nyumba ya lendi, pamene mabanja asanu amayanika zovala, malo oterowo mungawapeze kuti?

Luso limene tili nalo kale

Tisadzichepetse. Motoka ya waya yopangidwa bwino ili ndi uinjiniya weniweni. Waya wokhuthala ndi wa mafupa, wopyapyala wa mkuwa ndi womangira. Mawilo amachokera ku zitini za polishi, zotsekera mabotolo kapena mapatapata akutha, ndipo malegeni amasanduka matayala. Chiongolero chachitali chimatsika kukalumikizana ndi mawilo akutsogolo, moti mwana akapotoza dzanja ali chiimire, motoka imakhota. Katoni ya Shake Shake imasanduka thiraki. Wopanga amayeza ndi maso, ndipo aliyense woona amadziwa msanga ngati minibasi yatalika mopitirira kapena denga lakwera. Imeneyo ndi nkhani ya muyeso yomwe ija, kungoti sinalembedwe m'buku. Luso la waya la m'dera lathu linamveka mpaka ku America, kumene ana asukulu anaphunzira liwu lakuti galimoto kudzera m'buku la ana la Karen Lynn Williams la mu 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya.

Msika wosinthana nawo si wachilendo kwa ife. Ana amasinthana waya ndi mawilo, malegeni ndi mabatire akutha. Akuluakulu amachita zomwezo ku Soweto, pamulu wa salaula ndi pa ogulitsa masipeya akale, kumene kugula ndi kufukula ndipo mtengo umachokera pa kukambirana. Mzungu wovundukula katoni ya tinjini takale ku holo ya ku Birmingham ndi mnyamata wofukula mulu wa mashokabu ku Chibolya angamvane popanda womasulira.

Kusiyana kwenikweni n'kwakuti anzathuwo anapangana tsiku ndi malo, n'kuyamba kusunga. Munthu wofuna kumanga siteshoni ya kwawo mmene inalili mu 1955 amafunafuna zithunzi, mapu ndi ndandanda ya nthawi, amafunsa okalamba mtundu wa penti ndi pamene panali thanki la madzi. Mwa njira imeneyi mbiri ya njanji zambiri zimene zinazulidwa kalekale inapulumuka pamathebulo a anthu wamba. Ku Hamburg, Miniatur Wunderland inatsegulidwa mu 2001, ndipo njanji zake zazing'ono zimapitirira makilomita 15. Kwathu kuno motoka ya waya imaseweredwa mpaka kuphwanyika, wopanga akakula amachita nayo manyazi, ndipo zidole za pulasitiki za ku Kamwala zimalowa m'malo.

Nawonso ali ndi nkhawa yawo. Mu January 2024 kalabu ya Warley inalengeza kuti yasiya kukonza chionetsero chake chachikulu cha ku NEC ku Birmingham, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kukalamba kwa mamembala. Mwezi womwewo sitolo yotchuka ya Hattons, imene inayamba ku Liverpool mu 1946, inalengeza kuti ikutseka. Iwo ali ndi maholo ndi zosungidwa koma achinyamata akuchepa. Ife achinyamata ndi manja aluso tili nazo zosefukira.

Injini zakale za malasha zikusungidwa ku Railway Museum ku Livingstone, koma nkhani ya sitima ya Njanji ili m'mitu ya anthu okha. Amene ankaikwera ali ndi zaka 20 tsopano adutsa 50. Ali pakati pathu, ku Matero, ku George, ku Chilenje: amayi athu, amalume, agogo a pa kantemba. Akudziwa pamene inkaima, mmene ngolo zinkaonekera, ndi mmene anthu ankadzazira m'mawa. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma akagonera kwambiri amapita ndi eni ake kumanda.

Ntchito yake si yofuna ndalama zambiri kapena magetsi a ZESCO. Kalabu ya JETS ya pasukulu, gulu la achinyamata la kutchalitchi kapena anyamata a pa msewu umodzi angafunse akuluwo, kujambula njira pa katoni, kugwirizana muyeso umodzi, n'kugawana ntchito: awa njanji, awa ngolo, awa nyumba za m'mbali. Mukasankha 87, dziwani kuti TAZARA yonse ingafune makilomita 21, choncho isiyeni kaye. Mlatho wa pa Victoria Falls, wa mamita 198, umatsika kufika pa mamita awiri ndi pang'ono, wokwana pa mabenchi awiri a m'kalasi. Siteshoni imodzi ya Njanji ingakwane pa chitseko chakale. Chionetsero cha ulimi ndi malonda cha ku Showgrounds chimabwera chaka chilichonse chakumayambiriro kwa August, ndipo holo ya sukulu ya mukomboni imakhala yopanda anthu Loweruka lililonse. Amene ali ndi mawilo abwere nawo, amene ali ndi waya abwerenso, ndipo agogo amene anaikwera sitimayo apatsidwe mpando kutsogolo kuti anene ngati ngoloyo yafanana.